Mtedza Wathu Uli mu Foni

Lolemba, 14 Julaye

Mtedza wonse walowa mu shedi. Matumba 187, woswa kale, wosankha bwino. Ndatseka ndekha, kiyi ali pakhosi. Chino n'chaka chachitatu ndili msungichuma wa kalabu yathu ya alimi kuno kwa Mavwere, ndipo chaka chilichonse ndimati n'chomaliza.

Masana kwabwera Yohane, mlongo wanga, pa njinga yamoto yake. Amakhala ku boda, amathandiza amalonda kulemba mapepala a katundu. Wabwera ndi nkhani. Akuti kuli a Wilson, wogula mbewu wa ku Chipata, akufuna mtedza wathu wonse pa mtengo woposa wa mavenda a kuno. Koma salipira makwacha, alipira kripito. Ndinamufunsa kuti n'chiyani chimenecho. Akuti madola a pa foni, osagwirika ndi manja, osadutsa ku banki. Akuti amalonda ambiri a pa boda ndi mmene akulipirirana masiku ano poti madola enieni akusowa.

Ndinaseka. Iye sanaseke, anangondikumbutsa za chaka chatha.

Sindifuna kukumbutsidwa. Tinagulitsa mu Julaye, ndalama ndinakaika ku banki ndi manja angawa, yokwanira matumba 60 a feteleza. Pofika Okutobala inagula 41. Palibe anaba. Koma anthu anandiyang'ana ngati 19 enawo ndinadya ndine, ndipo mpaka lero mai Filomena akamandipatsa moni maso amakhala pa nsapato zanga.

Lachiwiri, 15 Julaye

Yohane wagona konkuno. M'mawa wonse mtsutso pakhonde, iye ndi abambo a Mada, amuna anga a Laston. Ine ndimapeta nyemba chapafupi, makutu ali komweko.

A Laston aphunzitsa sukulu zaka 31, malipiro a boma, pano penshoni ya boma. Kwa iwo ndalama ndi ija yokhala ndi siginecha ya mkulu wa banki yaikulu, basi. Anatulutsa K5,000 m'thumba, kuiyala pabondo, n'kumuuza Yohane kuti pepala ili lili ndi mwini wake, likavuta pali khomo lokagogoda. Nanga zake za pa fonizo mwini wake ndani? Anatinso anamva pa wailesi kuti boma silizivomereza ngati ndalama.

Yohane akuti ubwino wake ndi womwewo, kuti palibe munthu angadzuke m'mawa n'kulengeza kuti kuyambira lero ndalama yako yachepa mphamvu. Kenako anawafunsa mofatsa: "Alamu, chaka chatha munakagogoda khomo liti? Anakubwezerani matumba 19 aja?"

A Laston anafunsa kuti madola a pa foniwo amatsamira pa chiyani kuti asagwe. Yohane akuti amatsata dola ya ku America, imodzi kwa imodzi. A Laston anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndiye kuti mwangosintha boma, mwathawa lakwanu n'kukabisala kwa la eni ake. Yohane akuti zilipo zina zosatsata boma lililonse, monga Bitikoini, koma zimenezo zimakwera n'kutsika ngati thupi la munthu wa malungo, sangaikemo mtedza wa anthu. A Laston akuti basi mwadziyankha nokha alamu, yopanda boma ndi yopenga, yodekhayo ndi ya boma.

Yohane anangoti feteleza sadikira kuti mtsutso uthe.

Ndikamva uyu ndikuti ali ndi mfundo, ndikamva winayo chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti onse awiri sadzasaina kalikonse. Wosaina ndine.

Lachinayi, 17 Julaye

Ndapita ku boma ndi Yohane kuti ndikaone ndi maso anga. Wanditengera kwa a Abbasi, aja a sitolo ya nsalu ndi ziwiya pafupi ndi msika. Ndakhala ndikugula kwa iwo zaka zambiri osadziwa kuti amachita zimenezi.

Yohane anatumiza madola asanu kuchokera pa foni yake kupita pa ya a Abbasi. Sindinamalize n'komwe kukhala pansi, foni yawo inalira. Anatsegula dirowa n'kumuwerengera makwacha. Basi, zathera pompo. Ndinayembekeza china chake chachikulu, kaya fomu, kaya chidindo. Palibe.

Ndinawafunsa ngati akuona kuti zinthuzi zidzalowa m'malo mwa kwacha. Anapukusa mutu. Akuti kwacha ndi yogulitsira, tsiku lonse amalandira kwacha, lendi ya sitolo ndi msonkho ndi kwacha, koma sagona nayo nthawi yaitali. Katundu wa ku Lusaka amalipira pa foni, popanda kuima pamzere kupempha madola. Akuti ngakhale ku mzikiti akulu sanagwirizane ngati zimenezi n'zololedwa, ena akuti ndi malonda, ena akuti ndi njuga. Iwo akudikira yankho, koma mashelefu sangakhale opanda kanthu. Andilonjeza kuti tsiku lililonse tikafuna makwacha atisinthira, kupatula Lachisanu masana.

Potuluka, akazi awo, mai Zakia, anandiperekeza mpaka pakhonde ngati akundionetsa chitenje. Anandiuza chapansipansi kuti ngati tichita, tisauze anthu ambiri.

Kalabu ya anthu 23, aliyense ndi banja lake. Ndingabise bwanji?

Loweruka, 19 Julaye

Msonkhano mu shedi, kuyambira 9 mpaka dzuwa kupendeka. A Greyson, wapampando, anamupatsa Yohane mpata wofotokoza. Analankhula bwino, mwina bwino kwambiri.

Mai Filomena anadzuka n'kufunsa ngati kuchigayo alandira madolawo. Anthu anaseka koma iwo sanaseke. Anafunsanso za mchere, za fizi, za minibasi. Yohane akuti ayi, pa zimenezo timasintha pang'ono kwa a Abbasi. Mai Filomena akuti ndiye kuti ndalama yanuyo imayenda ndi ndodo, ndodo yake ndi kwacha.

A Phillip ndi amene anaikira kumbuyo kwambiri. Akuti atopa kulimira mphepo, thukuta la chaka chonse kumasungunuka lili m'buku la ku banki. Akuti kwacha yatipweteka kale kamodzi tikuona, bola ichi sichinatipwetekepo. Wina kumbuyo anati sichinatipweteke chifukwa sitinachiyandikire.

Ena anati tigule feteleza lero lomwe ndi makwacha. Koma m'masitolo muli matumba owerengeka, wambiri amabwera mochedwa, ndipo shedi yathu denga lake likudontha mbali imodzi. Tinazungulira pamenepo ola lathunthu.

Mavoti: 14 inde, 9 ayi. Okanawo anafuna kuchotsa matumba awo akagulitse okha, koma a Wilson akufuna loli yodzaza, ndipo masikelo a mavenda tonse tikuwadziwa. Pamapeto pake anagonja, koma anati zilembedwe m'buku la msonkhano kuti ndalama ili m'manja mwa Esitele, msungichuma. Mlembi analemba. Ndinaliona dzina langa likulowa m'bukumo.

Ine ndinavota inde. Sindinawauze abambo a Mada, koma akudziwa.

Lamulungu, 20 Julaye

Kutchalitchi sindinamve ulaliki ndi pang'ono pomwe.

Lachiwiri, 22 Julaye

Loli yabwera cha m'ma 10. A Wilson ndi munthu wamfupi, waulemu, Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chizungu. Anabwera ndi sikelo yawo, ife yathu, ndipo masikelo anagwirizana. Chimenecho chinandikhazika mtima pang'ono.

Atamaliza kupakira, netiweki inasowa. A Wilson akuti atumiza kale, pa foni ya Yohane palibe kanthu. Dalaivala waliza injini. A Greyson anangotenga mpando n'kukakhala patsogolo pa loli, pakati pa msewu, chipewa pabondo. Yohane anakwera pa chulu kuseri kwa shedi, foni m'mwamba, ife tonse maso kwa iye. Ndinaganiza za matumba 187.

Patapita mphindi mwina 20 anatsika akuthamanga. Ndalama yafika yonse. Foni inadutsa m'manja mwa aliyense, ena osadziwa n'komwe poyang'ana. A Greyson ananyamula mpando wawo, loli inapita.

Chaka chatha ndinabwera kunyumba ndi chikwama cholemera, ndikuopa aliyense wokumana naye. Lero ndabwera chimanjamanja ndipo mantha ndi omwewo.

Tili awiri m'nyumba, Yohane anang'amba pepala m'buku langa la malisiti n'kulembapo mawu 12 a Chizungu, liwu lililonse ndi nambala yake. Mawu wamba osagwirizana. Akuti amenewa ndiye kiyi. Foni itatayika kapena kugwera m'madzi, ndi mawuwa ndalama imatsegulidwa pa foni ina iliyonse. Koma aliyense amene angawapeze, ndalama ndi yake, ndipo palibe ofesi ingaibweze. Ndisajambule, ndisakopere, ndisaonetse munthu.

Pepalalo ndaliika mu pulasitiki, pansi pa chitini cha mbewu ya nyemba.

Lachitatu, 23 Julaye

Nkhani yafika kale pa msika. Kumjigo ndamva amayi awiri, mmodzi akuti mlongo wa Esitele akuyenda ndi mamiliyoni m'thumba la malaya. Atandiona anasintha nkhani n'kuyamba za chimfine.

Lachisanu, 25 Julaye

A Phillip abwera kuchokera ku boma akumwetulira. Feteleza wakwera kale mtengo, masiku atatu okha chigulitsireni. Anamuimbira Yohane pa foni yawo kuti awerengere, ndipo akuti madola athu angagulebe matumba omwewo. Anthu a inde akuyenda mapewa m'mwamba. Ngakhale ine mumtima ndinasangalala, ndisaname.

Ndinawauza a Laston. Anangoti zili bwino, n'kupitiriza kukonza wailesi yawo. Kenako anati nawonso penshoni yawo ya mwezi uno yachepa osaikhudza, zimenezo akuzidziwa, safuna wowauza. Chimene sakuchidziwa n'chakuti tsiku lofuna kudya mtedza wathuwo tidzautulutsa bwanji m'fonimo.

Madzulo a Greyson anadutsa. Akuti pa msika panali anyamata awiri achilendo pa njinga yamoto yopanda nambala, amafunsa kuti kalabu ija inagulitsa mtedza pa foni ndi ya mudzi uti. Akuti amafuna kuphunzirako. Wogulitsa tomato anawalozera.

Lolemba, 28 Julaye

Tsiku loipa.

Mai Filomena anafika m'mawa ndisanasese n'komwe. Mwana wawo Lonjezo, uja woyembekezera, zamuvuta. Kuchipatala cha ku boma amutumiza ku Lilongwe. Ambulansi imutenga, koma wodikirira wodwala amafunika ndalama m'manja, ya chakudya, ya zina zimene angauzidwe kugula, ya ulendo wobwerera. Anapempha gawo lawo la mtedza, ngakhale theka. Sanakweze mawu. Akuti ndi mtedza wawo, analima okha, amuna awo anamwalira kale.

Ndinamuimbira Yohane, tinakumana kwa a Abbasi. Sitolo yotsegula chitseko chimodzi. A Abbasi nkhope yagwa. Akuti banki yawo yaimitsa akaunti, ikufunsa za ndalama zimene zakhala zikulowa kuchokera kwa anthu ambiri osadziwika. Zikuoneka kuti mmodzi mwa amene anasinthana nawo anawatumizira ndalama yakuba. Mpaka nkhaniyo ithe sakhudza za pa foni, ngakhale dola imodzi. Anapepesa katatu. Ndinawakumbutsa lonjezo lawo, ndipo anati analonjeza ndi mtima woona, koma dirowa ndi imeneyo, ndiione ndekha. Munali ndalama zosinthira makasitomala basi.

Yohane akuti alipo ena osintha ku boda, koma amadula kwambiri, ndiponso ukangowaonetsa foni amadziwa zonse zimene uli nazo. Sakuwakhulupirira. Anayesa kuimbira a Wilson, ali ku Lusaka, abwera sabata yamawa.

Ndinaima pakhonde la sitolo, mai Filomena ali pambali panga ndi kachikwama ka zovala za mwana wosabadwa. Mamiliyoni mu foni, ife osakwanitsa kugula botolo la madzi. Anandiyang'ana, ulendo uno kumaso.

Ndinabwerera kunyumba pa kabaza wangongole. A Laston atamva analowa kuchipinda, anatuluka ndi envulopu ya penshoni, anachotsapo yochepa ya sopo ndi mchere, yotsalayo n'kundipatsa kuti ndithamange nayo ambulansi isananyamuke. Sananene kalikonse za mtsutso uja. Bola akananena.

Ndinawapeza. Mai Filomena anawerenga, anamanga pa chitenje, anati akathokoza aphunzitsi akabwerako. Ine sanandithokoze, ndipo sindikuwada.

Lachiwiri, 29 Julaye

Lonjezo wachira, mwana wamkazi, anachita kumung'amba. Onse ali moyo. Ndalira ndekha kuseri kwa khola.

Yohane anabwera masana, osakhazikika. Sanafune tiyi. Akuti dzulo pochoka kwa a Abbasi njinga ina inamutsatira mpaka ku boda, ndipo lero m'mawa anaipezanso itaima moyang'anana ndi kumene amakhala. Mwina palibe kanthu, akutero, ku boda njinga n'zambiri. Koma wachotsa ndalama ya kalabu pa foni yake, wafufuta zonse zoonetsa kuti inalipo. Ndinadzidzimuka, ndinaganiza kuti yapita. Akuti ayi, ndalama ili pomwe inali, kungoti foni yake siikudziwanso njira. Njira yatsala imodzi, pepala lija.

Ndinamufunsa ngati mawuwo akuwakumbukira. Akuti dala sanawaloweze.

Ndinamuuza kuti agone konkuno masiku angapo. Akuti ali ndi maloli awiri oyembekeza mapepala. A Laston anamuperekeza mpaka pa msewu, zimene sachita kawirikawiri. Ndinawaona ataima nthawi yaitali, a Laston dzanja lili pa chiwongolero cha njinga.

Ndasuntha pepala. Sindilemba muno kumene ndaika.

Lachitatu, 30 Julaye

Yohane amumenya. Ali kuchipatala ku boma. Tauzidwa mochedwa, tipita m'mawa.

Lachinayi, 31 Julaye

Ndamuona. Dzanja lamanja lathyoka, nthiti ziwiri, diso limodzi latsekeka. Poyamba sindinamuzindikire, ndinadutsa bedi lake.

Zinachitika dzulo cha m'ma 4, dzuwa lili poyera. Amachokera kwa kasitomala kwa Zulu, pa kamsewu kafumbi. Anapeza chipika chili pakati pa msewu. Ataima anatulukira anthu atatu. Sanafunse njinga, sanafunse chikwama, anangoti foni. Anamugwira chala n'kuchikanikiza pa foni kuti itseguke. Anapezamo timadola take tochepa, anatisamutsa pomwepo iye akuona. Kenako anafunsa za mtedza. Anati kulibe, anayamba kumumenya. Anamupeza amayi ochokera kudimba, anamunyamula pa ngolo.

A Laston atatuluka kukagula nthochi, Yohane anandikoka ndi dzanja lamanzere kuti ndiwerame.

"Achemwali, ndawauza."

Ndinamufunsa kuti wawauza chiyani, ngakhale ndinali nditamva kale.

"Za pepala. Kuti lili kwa inu. Anaika dzanja langa pa chipika, ananyamula mwala. Ndinapirira koyamba. Kachiwiri sindinathe."

Analira ngati mmene ankalirira ali mwana ndikamusambitsa madzi ozizira. Ndinamupukuta kumaso n'kumuuza kuti wachita bwino, dzanja ndi lofunika kuposa mtedza. Ndinanena zoona. Koma tsopano akudziwa kumene pepala lili.

Tinapita kupolisi. Wapolisi analemba zonse modekha, foni, chipika, anthu atatu, njinga yopanda nambala. Atafika pa ndalama anaima, anafunsa kuti ili ku banki iti. Ndinafotokoza mmene ndinathera. Anandiuza moona kuti anthuwo awafunafuna, ndipo auza anzawo a kufupi ndi kwathu kuti azizungulira, koma ndalama yotereyi ikangochoka sadziwa kuti angakaigwire pati. Anandilangiza kuti ndisakhale nayo ndekha.

Pobwerera mu minibasi a Laston anandigwira dzanja. Zaka 24 tili m'banja, pagulu sanachitepo.

Lachisanu, 1 Ogasiti

M'mawa ndapeza matayala a njinga yamoto adinda pa mchenga kuseri kwa mpanda, kumene kulibe njira. Afika pa mtengo wa mango n'kubwerera. Ndinawaonetsa a Laston. Anayang'ana, anatenga tsache n'kufufuta, kaya chifukwa chiyani.

Akuti tisinthe zonse zikhale makwacha, tikaike ku banki, zichepe ngati zichepa, bola tigone tulo. Ndinavomera ndi mtima wonse. Koma atisinthira ndani? A Abbasi atsekeredwa. A Wilson ali kutali, ndipo ndani akudziwa kuti nkhani ya mtedza wathu inatuluka pakamwa pa ndani. Yohane sangagwire n'komwe supuni. Ine foni yanga ndi ya mabatani. Kulowa kunali kwa mphindi 20 pa chulu, kutuluka sitikuona khomo.

Masana kunabwera a Phillip. Anapepesa za Yohane, kenako anati iwo ali ndi foni yaikulu, ndingowapatsa pepalalo atsegule ndalama pa foni yawo, aisunge mpaka zinthu zizizire. Akuti akufuna kundipeputsa katundu. Mwina ndi zoona. Ndawadziwa kuyambira tili ku pulayimale. Koma ndinapezeka ndikuyang'ana manja awo, ndikudzifunsa kuti za pepala amva kwa ndani. Kenako ndinakumbukira kuti dzulo ndinawauza ndekha a Greyson, ndipo a Greyson sasunga nkhani.

Ndinakana mwaulemu. Anachoka atakhumudwa. Ndi zimene chinthuchi chandichita, masiku khumi okha ndayamba kukayikira anthu amene ndimapempha moto kwawo.

Ndauza a Greyson aitanitse msonkhano mawa m'mawa, ndipo asaletse aliyense wofuna kudzamvera, membala kapena ayi. Ndabwereka sizasi kwa telala.

Mwana wathu Madalitso tamuimbira kusukulu kuti holide ino apite kwa azakhali ake ku Lilongwe, asabwere kuno. Wafunsa chifukwa. Tamuuza kuti kukuzizira.

Loweruka, 2 Ogasiti

Shedi inadzaza, ena anaima panja m'mawindo. Nkhope zina sindikuzidziwa. Ndi zimene ndimafuna.

Ndinafotokoza zonse mokweza, kuti a panja amve. Za Yohane, za a Abbasi, za matayala kuseri kwa mpanda. Ndinati ndalama yawo ilipo yonse, sinachepe, koma kiyi wake ndi pepala limodzi ndipo akuba akudziwa kuti lili kwa ine. Ndinalitulutsa, mbali yolembedwa ikuyang'ana kwa ine.

Ndinati kuyambira lero sindilisunganso. Ndilidula zidutswa 12, chilichonse mawu amodzi ndi nambala yake. Anthu 12 atenge, aliyense abise kwake, asauze mnzake, ngakhale mkazi kapena mwamuna wake. Yohane akachira, tsiku logula feteleza, tidzakumana tonse muno n'kuzilumikiza.

A Phillip anadzuka. Akuti wina akataya kachidutswa kake, kapena mbewa ikadya, mtedza wa mabanja 23 wapita. Ndinati ndi zoona. Akutinso dzulo akuba anali ndi nyumba imodzi yoti aipite, lero ndawapatsa nyumba 12. Ndinati nazonso ndi zoona, koma nyumba 12 sangazithyole tsiku limodzi mudzi osadzuka, pamene yanga ndi chitseko chimodzi cha matabwa. Ndinati amene ali ndi nzeru ina ainene. Palibe ananena.

Ndinadula. Ndinaopa kudula pakati pa mawu. Ndinapinda chilichonse n'kuziika m'chipewa cha a Greyson.

Ndinatenga choyamba. A Greyson chachiwiri. Mlembi. A Phillip anabwera, anatenga osandiyang'ana. Ena anayamba kudzuka mmodzimmodzi, ambiri a inde, koma awiri a ayi nawonso, mmodzi akung'ung'udza kuti sanavotere zimenezi koma mtedza wake ulimo. Mayi wina anafika pa chipewa, anatambasula dzanja, n'kubwerera kukakhala. Akuti ali ndi ana aang'ono. Palibe anamuseka.

Zinafika 11. Chimodzi chinatsala. A Greyson anazungulira ndi chipewa kawiri, anthu maso pansi. Anafunsa ngati ine ndingatenge ziwiri.

A Laston anali ataima pakhomo chiyambire msonkhano. Si membala, sanalimepo mtedza wa kalabu. Analowa, anthu anawapatsa njira. Anauza a Greyson kuti maganizo awo sanasinthe, chinthuchi si ndalama ndipo sichidzakhala ndalama, zilembedwe m'buku kuti anatero. Kenako anati: "Koma akabwera kwathu, apeze tonse awiri tili ndi kanthu kobisa." Anapisa dzanja m'chipewa.

Anavala magalasi, anafunyulula, anawerenga milomo ikugwedezeka, anapindanso n'kuika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

Tinabwerera wapansi, dzuwa lili pamutu. Pa mphambano ya kumsika panali njinga yamoto itaima pansi pa mtengo, injini yozima, munthu atakhalapo chipewa chachitsulo chili kumutu. Sindikudziwa ngati ndi yomweyo. A Laston anasamukira mbali imene kunali njingayo, ine ndikhale kumbali ya munda, ndipo tinadutsa osafulumira.

Mawu awo sanandiuze. Anga sanafunse.